A REUBEN KAMANGA ANATSIKA PAMPANDO KOMA SANATULUKE M'CIPANI

 Mau awa akamvekenso kwathu kumidzi.

Muno m'Matero muli nyumba nambala 3144, imene inali likulu la UNIP pamene Cipani cinali kubadwa. Mmodzi wa atsogoleri a masiku amenewo anali a Reuben Chitandika Kamanga, amene anabadwa mu 1929 m'boma la Chipata. Mu 1958 anali pamodzi ndi a Kenneth Kaunda poyambitsa cipani ca ZANC, ndipo atsamunda anawamanga. Pambuyo pake anakaimira UNIP ku Cairo. Anthu anawasankha kuwaimira m'Nyumba ya Malamulo, ndipo pa 24 October 1964 anakhala Waciwiri kwa Mtsogoleri wa Dziko, munthu woyamba kukhala pa mpando umenewo.

Koma cimene ndadzera ndi ca mu August 1967. Pa msonkhano waukulu wa ku Mulungushi, pafupi ndi Kabwe, mipando ya Cipani inaikidwa pa cisankho. A Simon Kapwepwe anapikisana ndi a Kamanga, napambana. A Arthur Wina naonso anagonja kwa a Elijah Mudenda pa mpando wa msungacuma. Tisabise, anzanga: nthumwi zambiri sizinayang'ane nchito ya munthu, zinayang'ana kumene acokera. Olankhula Cibemba anagwirizana ndi Atonga, a ku M'mawa anagwirizana ndi Alozi. Inu amene mutunga madzi pa mpope umodzi ndi Mbemba, Mtonga ndi Mlozi, mudziwa kuti moto wotere ukalowa m'komboni susankha denga.

Cidani cinakula, kotero kuti mu February 1968, pa msonkhano wa ku Chilenje muno mu Lusaka, a Kaunda anatula pansi udindo wao cifukwa conyansidwa ndi tsankho la mitundu. Dziko linakhala maola angapo usiku lopanda mtsogoleri, mpaka anawapempha kuti abwerere. Sindinena kuti ife a ku M'mawa tinali oyera. Ambiri anakwiya koopsa, ndipo ena anayamba gulu la Umodzi ku M'mawa.

Nanga mwini wake wogonjayo anacitanji? Munthu amene dzulo anali waciwiri m'dziko lonse anavomera kukhala Nduna yoona za Maiko Akunja. Mu 1969 anamuika ku unduna wa Citukuko ca Kumidzi, kumene nkhani zake ndi mbeu, feteleza, ngongole za alimi ndi makopaletivu. Nchito imeneyi sinayende monga anafunira akuluakulu, pakuti anthu sanaleke kuthawa makasu. Umboni wake ndi makomboni athu ano. Komabe a Kamanga anaigwira.

A Kapwepwe, amene anapambana ku Mulungushi, anatuluka mu 1971 nayambitsa UPP, imene Boma linaitseka mu 1972 ndi kuwatsekera iwo m'ndende. A Kamanga anakhalabe, natumikira m'Komiti Yaikulu ya Cipani zaka zambiri. Anapuma pa ndale mu 1991, caka cimene UNIP inagonja kwa MMD, ndipo anamwalira pa 20 September 1996.