Mpope wa Utsi pa Galimoto ya Turbo

Masiku ano m'misewu ya ku Kitwe, Ndola, Chingola ndi Lusaka mumveka magalimoto ena obangula ngati mkango, ndipo eni ake anena kuti anasintha ekizozi, ndiwo mpope wa utsi, kuti galimoto ikhale ndi mphamvu zambiri. Anyamata ambiri a pa migodi, amene anagula magalimoto ogwirapo kale nchito ocokera ku Japan, alakalaka kucita cimodzimodzi akalandira malipiro pakutha pa mwezi. Nkhani ya lero iri ya iwowa. Kusintha ekizozi kungathe kuonjezadi mphamvu pa galimoto ya turbo, koma kungathenso kuononga injini ndi ndalama za miyezi yambiri, ngati mwini galimoto sadziwa cimene ali kucita.

Poyamba kuyenera kumveka bwino m'mene turbo igwirira nchito. Injini ndiyo moto wotsekeredwa m'citsulo, ndipo moto uliwonse ufuna mpweya. Ukaculuka mpweya wolowa, injini ingathe kutentha petulo wambiri, ndipo mphamvu iculukanso. Turbo iri ndi timagudumu tiwiri tamapiko tomangidwa pa kamtengo kamodzi kacitsulo. Kagudumu koyamba kakhala m'njira ya utsi. Utsi poturuka m'injini ukankha mapiko ake, ndipo kazungulira. Kagudumu kaciwiri kazungulira pamodzi ndi koyambako, ndipo kakankhira mpweya wabwino m'injini mwamphamvu. Timagudumu timeneti tizungulira kupitirira maulendo 100,000 pa miniti imodzi. Utsi wa injini ya petulo yogwira nchito yolemera ungafike pa madigiri 900, ndiko kuyandikira madigiri 1,085 amene mkuwa usungunukira.

Nzeru imeneyi njakale. Mwini wake anali Alfred Büchi wa ku Switzerland, amene anailembetsa m'caka ca 1905. Poyamba inagwira nchito m'zombo ndi m'ndege. M'caka ca 1962 kampani ya General Motors ku America inagulitsa magalimoto a anthu wamba oyamba okhala ndi turbo, ndiwo Oldsmobile Jetfire ndi Chevrolet Corvair. M'caka ca 1992 a Subaru ku Japan anaturutsa Impreza WRX, galimoto ya injini ya malita 2 imene inachuka pa mipikisano, ndipo eni ake m'maiko ambiri akonda kuisintha ekizozi. Kuno turbo ithandiza pa cifukwa cinanso. Lusaka ndi mizinda ya ku migodi iri pamtunda, mamita oposa 1,200 pamwamba pa nyanja yamcere, ndipo mpweya wa kumeneku ngwopepuka. Injini yopanda turbo itaya monga gawo limodzi mwa magawo 8 a mphamvu imene ikadakhala nayo ku Beira kapena ku Dar es Salaam, koma turbo ibweza gawo lalikulu la mphamvu yotayikayo.

Tsono nanga mpope wa utsi ulowapo bwanji? Munthu aliyense wogwira nchito pansi pa mgodi adziwa kuti mpweya wabwino sungatsike m'shafuti ngati mpweya woipa ulibe poturukira. Njira yobwerera ikagumuka kapena ikacepa, mafani abvutika, ndipo anthu kumapeto kwa ngalande ayamba kupuma mobanika. Turbo nayo iri cotero. Kagudumu ka utsi kazungulira cifukwa kutsogolo kwake utsi uli wopanikizika, ndipo kumbuyo kwake kuli mpata. Mpope wa kumbuyo ukakhala wopapatiza kapena wokhotakhota, utsi uunjikana pamenepo, kusiyana kuja kucepa, ndipo turbo icedwa kudzuka pamene woyendetsa aponda mafuta. Mpope ukakhala wotakata, turbo idzuka msanga, ndipo injini itaya utsi wake mosabvuta.

Amakaniko ena anena kuti injini iriyonse ifuna kuti utsi wake uzipanikizika pang'ono. Mau amenewa anacokera ku injini zopanda turbo, m'mene mpope waukulu koposa ucedwetsa utsi ndi kucepetsa mphamvu pamene injini iri kuyenda pang'onopang'ono. Pa galimoto ya turbo, kuyambira pa turbo kunka kumbuyo, cofunika ndico kuti utsi ucoke msanga.

Ekizozi iri ndi zigawo zingapo. Pafupi ndi turbo pali mpope wotsikira pansi, umene a m'magaraja auchula downpipe. Pamenepo kapena pambuyo pake pali cibokosi coyeretsa utsi, cochedwa catalytic converter. Kenaka pali mpope wa pakati, ndipo kumapeto kuli sailensa yocepetsa phokoso. Anthu ambiri ayambira kumapetoku, popeza ndiko kuoneka ndi maso ndi kumveka m'makutu. Agula sailensa yonyezimira yakukamwa kwakukulu, phokoso likula, koma mphamvu yoonjezekayo ikhala yaing'ono ndithu. Pothina peniceni pali kutsogolo, pa mpope wotsikira pansi uja, pamene utsi uli wotentha ndi wofutukuka koposa. Wofuna mphamvu ayenera kuyang'ana pamenepo.

Kunena za ukulu wa mpope, magalimoto ambiri a turbo a malita 2 aturuka m'fakitale ndi mpope wa mainci 2.5 kapena wocepera pamenepo, ndipo osintha aikapo wa mainci 3, ndiwo mamilimita 76. Kusiyanaku kuoneka kwakung'ono, koma malo opita utsi m'kati akula ndi magawo 44 pa 100. Mpope woposa pamenepo pa injini yotere ungoonjeza phokoso ndi kulemera, ndipo ugunda pansi pa mabampu ndi m'misewu yokumbika. Kapindidwe kake nakonso nkofunika. Mpope wopindidwa ndi makina wamba uphwanyika pokhota, ndipo wa mainci 3 usanduka wopapatiza pomwepo. Mpope wabwino upindidwa muli citsulo m'kati mwake cousunga kuti ukhale wobulungira ponseponse. Citsulo cosacita dzimbiri ca mtundu wa 304, cimene ciri ndi chromium ndi nickel, cikhalitsa koposa citsulo wamba, ngakhale mtengo wake ngwokwera.

Tsopano nazi ngozi zake. Yoyamba iri pa injini. M'turbo muli kacitseko kochedwa wastegate, kamene katseguka mpweya wolowa m'injini ukafika pa muyeso wake, kuti utsi wina ulambalale kagudumu. Njira ya kumbuyo ikatakasuka, utsi wambiri upyola pa kagudumu, ndipo pa magalimoto ena kacitsekoko kacepa, kalephera kupatutsa utsi wokwanira. Pamenepo mpweya wolowa ukwera kupitirira muyeso umene a fakitale anaika. Pa ulendo wamba injini itentha magawo 14.7 a mpweya pa gawo limodzi la petulo, poyesa kulemera kwake. Koma turbo ikagwira mwamphamvu, injini ifuna petulo woculukirapo, monga gawo limodzi pa magawo 11 kapena 12, pakuti petulo woonjezayo aziziritsa m'kati. Petulo akacepa, moto uphulika nthawi yake isanakwane, injini igogoda, ndipo pisitoni ingang'ambike kapena kusungunuka. Cifukwa cake wosintha mpope wa pafupi ndi turbo ayenera kupitanso kwa katswiri wodziwa kukonza kompyuta ya injini, amene ali ndi zipangizo zoyesera mpweya ndi petulo galimoto iri kugwira nchito. Ndalama za katswiriyo ziwerengedwe pamodzi ndi mtengo wa mpope kuyambira paciyambi.

Ngozi yaciwiri iri pa cibokosi coyeretsa utsi. M'kati mwake muli timabowo tambirimbiri tonga cisa ca njuci, topakidwa platinum, palladium ndi rhodium. Platinum yambiri ya pa dziko lapansi ikumbidwa ku South Africa, ndipo ina ku Great Dyke m'Zimbabwe. Zitsulo zimenezi zisandutsa mipweya yakupha kukhala yosaopsya kwambiri. Zibokosi zotere zinayamba kuikidwa pa magalimoto ambiri a ku America m'caka ca 1975. Eni magalimoto ena azigumula m'kati kapena kuzicotseratu, poona kuti zichinga utsi. Potero utsi wonse woipa ugwera pa ana oyenda m'mbali mwa msewu ndi pa amai ogulitsa pa msika, ndiponso nyale yocenjeza ya injini iyaka, cifukwa kacipangizo koyesa utsi kumbuyo kwa cibokosi kaona kuti zinthu zasokonezeka. Njira yabwino iripo. Zigulitsidwa zibokosi za mabowo akuluakulu, 200 pa inci imodzi m'litali ndi m'lifupi m'malo mwa 400 kapena 600, zimene zipititsa utsi mosabvuta ndi kuuyeretsabe.

Ngozi yacitatu iri pa moyo wa okwera. Mu utsi muli carbon monoxide, mpweya womwe uja umene anthu a pansi pa mgodi auopa pambuyo pa kuphulitsa miyala. Ulibe pfungo, ulibe mtundu. Mpope ukaochereredwa moipa, kapena gasiketi ikasiyidwa yakale, utsi ungalowe m'galimoto pa timabowo ta pansi. Woyendetsa ayamba kumva mutu, kenaka tulo, ali pa liwiro pa msewu wa ku Kapiri Mposhi. Cotero pomanga mpope watsopano, magasiketi akhale atsopano, mphira zoupacikira zikhale zolimba, pakhale polumikiza pofewa kuti injini pogwedezeka isang'ambe mpope, ndipo malata ochinga kutentha abwezedwe m'malo mwake, kuti mpope usaoche mawaya ndi mipope ya mabuleki. Aliyense asalize injini m'garaja yotseka.

Pali zinanso ziwiri zoyenera kukumbukira. Galimoto iyenera kupita kukayesedwa kwa a RTSA, ndipo yaphokoso lopitirira ndi yofuka utsi iitana mabvuto pa msewu ndi kwa anansi amene agona usana atagwira nchito usiku. Ndiponso a inshuwalansi auzidwe za kusinthako, kuti pasadzakhale kukangana pa tsiku la ngozi.

Munthu wanzeru, asanagule mpope, ayamba waona ngati galimoto yake iri yamoyo. Sefa ya mpweya yodzala pfumbi, mapulagi otha, mipope ya mphira yodontha mpweya pakati pa turbo ndi injini, ndi oilo wakale, zimenezi ziba mphamvu yambiri, ndipo kuzikonza nkochipa. Oilo ndiye moyo wa turbo, pakuti kamtengo kaja kazungulira pa oilo wa injini yomweyo. Zikakhala bwino zonsezi, ayang'ane mpope wa pafupi ndi turbo pamodzi ndi cibokosi cabwino coyeretsa utsi, apite kwa katswiri wa kompyuta, ndipo sailensa ikhale yotsiriza ngati ndalama zatsalako. Ngati ndalama sizikwanira mpope ndi katswiri pamodzi, kuli bwino kudikira mwezi wina galimoto iri monga inabwerera. Akale anati, safunsa anadya phula.