Asilikari Amene Anafera M'manja mwa Adani

Anthu a ku Kawale, Biwi, Chinsapo, Area 23, Area 25 ndi Mgona, pamodzi ndi inu nonse a kumidzi, imvani nkhani iyi. Chaka ndi chaka m'mwezi wa November anthu amasonkhana pa chipilala cha ku Area 18 mu Lilongwe ndi pa chija cha ku Zomba kukumbukira asilikari amene anafa pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918 ndi ya 1939 mpaka 1945. Koma alipo ena amene sanafe ndi chipolopolo pomenyana. Iwowa anagwidwa ndi adani, nafa ali akaidi chifukwa cha mabala, matenda kapena njala, ndipo abale awo sanaone manda awo.

Munthu wogwidwa pa nkhondo mbiri yake imasokonekera msanga. M'mwezi wa August 1940 asilikari a K.A.R. ochokera m'dziko muno anamenyana ndi Mataliyana pa Tug Argan ku Somaliland. Pa nkhondo yomweyo Captain Eric Wilson, Mngelezi wodziwa Chinyanja, anagwidwa atavulala. Akuluakulu a nkhondo anayesa kuti wafa, nalengeza kuti ampatsa mendulo ya Victoria Cross monga munthu wakufa. Mu 1941 anampeza wamoyo m'ndende ya ku Eritrea. Ngati zinatero ndi mkulu wa asilikari, nanga msilikari wamba kapena mtengatenga?

Mu 2021 bungwe losamala manda a nkhondo la Commonwealth War Graves Commission linavomera kuti anthu osachepera 116,000 amene anafa pa nkhondo yoyamba ija, ambiri a iwo a mu Africa, sanalembedwe maina pa manda kapena pa chipilala. Pangano la ku Geneva la 1949 limati mkaidi wa pa nkhondo akafa aikidwe mwaulemu, manda ake aikidwe chizindikiro, ndipo imfa yake ilembedwe. Koma panganoli linadza makolo athuwa atafa kale.

Njira yofufuzira ilipo. Ku Geneva a Red Cross amasunga makadi mamiliyoni a akaidi a pa nkhondo kuyambira 1914. Makalata akale a Boma ali ku National Archives ku Zomba. Komatu wofufuza sangayambe ntchito popanda dzina, ndipo mainawo ali m'nyumba zanu.

Chotero banja lililonse limene linataya munthu ku nkhondo lichite izi. Funsani agogo akali moyo, mulembe dzina lonse la munthuyo, mfunda wake, mudzi wake, mfumu yake ndi chaka chimene anachoka. Mulembenso dzina lina lililonse limene ankadziwika nalo, pakuti ena analembetsa usilikari ndi maina achilendo. Yang'anani m'masutukesi akale: kalata, chithunzi, mendulo kapena pepala lokhala ndi nambala ya usilikari n'zofunika kwambiri. Musazitaye, musazigulitse, ndipo zisadyedwe ndi chiswe. Inu a m'tauni, mukapita kumudzi tengani kope ndi cholembera.

Mafupa a anthuwa sangabwerenso kwao. Koma dzina likalembedwa, adzukulu adzalitchula pa tsiku la chikumbutso. Nkhalamba zodziwa mainawa zatsala zochepa, choncho ntchitoyi isadikire chaka chamawa.