Wotchi Yanzeru Kapena Wotchi Yoyeza Thupi?

 Lero tikambe za mawotchi a mitundu iwiri.

Wotchi yanzeru, monga Apple Watch imene inatuluka m'chaka cha 2015, imalandira mauthenga a pa foni, koma batire yake imatha patapita tsiku limodzi kapena awiri. Wotchi yoyeza thupi, monga ya Fitbit, imawerenga mapazi amene munthu waponda ndi kugunda kwa mtima wake, ndipo batire yake imakhala pafupifupi mlungu wathunthu.

Tsono kumudzi kumene magetsi ndi osowa, wogula ayambe wafunsa za batire, pakuti wotchi yozima siuza munthu nthawi.

Ana inu, kambiranani ndi aphunzitsi anu: kodi ndi wotchi iti ingathandize wothamanga wa pasukulu panu? Tsalani bwino.