Msewu wa Phula Usatilande Ana Athu

Mawu amene mkulu wofalitsa nkhani za Chipani analankhula kwa atsogoleri a m'dera la Mfumu Kaduya, m'boma la Phalombe



Kuyambira mu 1998, pamene Phalombe anapatuka ku Mulanje nakhala boma paokha, pempho lalikulu la anthu a kuno linali msewu. Msewu wa Zomba-Jali-Phalombe-Chitakale utathiridwa phula, mlimi wa nandolo ndi mpendadzuwa anapuma, ndipo odwala anayamba kufika msanga kuchipatala. Koma phula lomwelo ladza ndi mlendo woopsa, ndiye liwiro.

Tamverani masamu awa. Galimoto yothamanga makilomita 60 pa ola imadutsa mamita pafupifupi 17 pa sekondi imodzi yokha. Ndiponso woyendetsa akawirikiza liwiro kawiri, mtunda umene galimoto imayenda ataponda buleki umawirikiza kanayi. Mwana akatulukira kuseri kwa lole pamsika wa Migowi, ngakhale dalaivala waluso sangathe kumupulumutsa ngati anali pa liwiro lotere.

Vutoli si lathu lokha. Bungwe la zaumoyo la WHO linalengeza mu 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pamisewu chaka ndi chaka. Nduna za maiko zitakumana ku Stockholm mu February 2020, zinagwirizana kuti pamalo pamene anthu oyenda pansi amasakanikirana ndi magalimoto, liwiro lisapitirire makilomita 30 pa ola. Misika yathu ndi zipata za sukulu zathu ndi malo otere.

Tsono tichitenji? M'madera ena, mwana akagundidwa, anthu amatseka msewu ndi miyala, ena amaunjika dothi kuti likhale hampu, ena amafuna kutentha galimoto. Mkwiyowo ndi womveka, koma mchitidwewo ndi kuphwanya lamulo. Hampu yopanda muyeso, yopanda utoto ndi chikwangwani, imagwetsa wa kabaza usiku ndipo imachedwetsa ambulansi. Pofuna kulirira maliro amodzi tingabale ena.

Njira yolongosoka ilipo. Komiti ya chitukuko ya m'mudzi, VDC, ilembe malo onse oopsa: dzina la sukulu kapena msika, nthawi imene ana amawoloka, ndi ngozi zimene zachitikapo. Kalatayo ipite ku ADC, khansala ndi phungu aitengere ku khonsolo, ndipo khonsolo ikambirane ndi bungwe la Roads Authority, limene lili ndi akatswiri odziwa poyenera hampu, mizere yowolokera ndi zikwangwani. Sungani kope la kalata iliyonse, ndipo mwezi ukatha pitani mukafunse. Inu a m'maofesi, pempho lotere lisagone m'kabati kudikira kuti magazi akhetsedwe.

Koma pali zina zosalira ndalama ya Boma. Makomiti a misika abweze malonda kutali ndi phula. Tileke kuyanika mbewu m'mphepete mwa msewu. Makolo, mogwirizana ndi aphunzitsi ndi apolisi, azisinthana kuwolotsa ana m'mawa ndi poweruka. Ana aphunzitsidwe kuyenda kudzanja lamanja, moyang'anizana ndi magalimoto amene akubwera. Magulu a kabaza alange okha anzawo oyendetsa ataledzera, opanda chipewa, opanda nyali, kapena onyamula anthu atatu pa njinga imodzi.

Kwa inu atsogoleri a Chipani ndinena mawu amodzi: galimoto sifunsa khadi isanagunde munthu. Pamsonkhano wa nkhaniyi muitane aliyense, a mipingo, a mizikiti, a malonda ndi achinyamata, posayang'ana mtundu wa nsalu imene avala. Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Ndipempha kuti komiti iliyonse ikhale pansi mwezi uno usanathe, ndipo makalata akafike ku ADC pamsonkhano wake wotsatira.