Mtedza Sudikira Fodya

Mawu amene tinayankhula pamsonkhano wa amayi alimi ku Mzuzu

 

Mvula yoyamba ikagwa, banja lonse limathamangira kuti? Ku chimanga ndi ku fodya. Mtedza, nandolo ndi nyemba akuti “ndi za amayi”, tidzale tikamaliza za abambo. Ndiye timadzala mu Januwale, titatopa, pamunda wotsala. Zokolola zikachepa, amati amayi sadziwa kulima.

Koma mbewu ili ndi nthawi yake. Mtedza umayamba maluwa pakatha masiku 30 mpaka 40. Duwa lachikasu lija likafota, limatulutsa kamsonga kamene kamalowa m'dothi, ndipo mtedza umabereka pamenepo. Nthawi imeneyo dothi liyenera kukhala lonyowa komanso lofewa. CG7 amatenga masiku 130 mpaka 150 kuti akhwime. Werengani nokha. Tikadzala pakati pa Disembala, amakhwima mvula ikungotha kumene. Tikadzala kumapeto kwa Januwale, mvula imatha mtedza usanadzadze, basi tikukumba mphwepwa. Mtedza wochedwa ndi umenenso nsabwe zimaukonda, n'kuubweretsera matenda a khate. Kupalira nako kuthe msanga, chifukwa timsonga tikalowa m'dothi, khasu limangotidula.

Nandolo ndi wodekha. Miyezi yoyamba amakula pang'onopang'ono, n'chifukwa chake salimbana ndi mtedza mukawadzala munda umodzi. Anzathu a ku Ekwendeni, pafupi pompano, akhala akuchita zimenezi ndi bungwe la SFHC lomwe linayamba mu 2000, pofuna kuti ana asamanyentchere komanso nthaka ibwerere chonde. Koma nandolo wa makolo amachita maluwa mochedwa, kukayamba kuzizira, ena atakolola kale. Ndi nthawi yomweyo imene mbuzi ndi ng'ombe zimamasulidwa. Wabzala ndi mayi, zadya ndi mbuzi za eni. Chilungamo chimenecho, eti?

Kwathu kuno ambirife timalima pamunda wa kuchimuna. Ndiye funso loti “tidzala liti?” limabwera pamodzi ndi lina: “mawu ali ndi ndani pakhomo?”

Tikupempha zitatu. Choyamba, banja likhale pansi mu Okutobala, ligwirizane za munda ndi za masiku, kuti mtedza ndi nandolo zilowe ndi mvula yoyamba yodzalira, abambo nawo atagwira khasu. Chachiwiri, mafumu athu aike lamulo loti ziweto zisamasulidwe nandolo asanakololedwe. Chachitatu, tifunse alangizi za mitundu yocha msanga, monga mtedza wa Kakoma ndi nandolo wa Mwaiwathu Alimi, ndipo mbewu ikhale m'manja mvula isanagwe.

Chiponde cha phala la mwana chimachokera m'munda womwewu umene timaudzala pomaliza. Chaka chino tisaudzale pomaliza.