Mau a Mlembi: Maluwa ndi Mitengo ya Kwathu



Ife tikamanga duku loyera, anthu amatizindikira tisanalankhule. Maiko naonso ali ndi zizindikiro zao zochokera m'thengo. South Africa inasankha duwa la protea mu 1976. Zimbabwe ili ndi duwa lofiira ngati malawi a moto, limene limameranso m'tchire mwathu muno m'dzinja. Ife Amalawi tinasankha mtengo. Mu 1984 mkungudza wa pa phiri la Mulanje unakhala mtengo wa fuko lathu, popeza kwao kwake ndi pa phiri limeneli pokha.

Koma tamverani, amayi. Powerenga mu 2017 anapeza mikungudza ikuluikulu 7 yokha. Ina yonse inatha ndi nkhwangwa ndi moto.

Kuno ku Thekerani anthu ankatidziwa ndi nthochi, malole nkumazitutira ku Limbe, mpaka chisaka chinalowa m'minda. Mapiri athu tinawameta mpala, ndipo Namondwe Freddy atafika mu Malichi 2023, nthaka inasowa chogwira.

Tsono pempho la komiti ndi ili. Mvula ikagwa, mayi aliyense abzale mitengo iwiri yachilengedwe, monga mbawa kapena msuku. Posesa ndi polambula pa tchalitchi, maluwa akutchire tisawazule. Ana athu tiwaphunzitse maina ake m'chilankhulo chathu. Wobzala adzandiuze ndilembe m'buku, kuti chaka chamawa tidzawerenge imene yaphuka.

Ambuye atidalitse tonse.