TIYI WA KU MULANJE PA MSIKA WA MAIKO

(Mau okambidwa kwa alimi ndi aphunzitsi a kumidzi)

Alimi a ku Mulanje ndi ku Thyolo amafunsa kawirikawiri kuti, kodi nchifukwa ninji mtengo wa masamba a tiyi sukwera msanga chikhalirecho nchito yake njowawa? Funso limeneli nlabwino, koma yankho lake lili kutali ndi munda.

Tiyi anabzalidwa ku Mulanje m'chaka cha 1891. Ku Kenya mbeu yoyamba inabzalidwa pambuyo, mu 1903, pa malo ochedwa Limuru. Koma wodza pambuyoyo ndiye anapitirira. M'chaka cha 2020 Kenya anakolola matani opitirira 500,000, pamene Malawi amapeza ngati 45,000 kapena 50,000 pachaka. Minda ya kumeneko ili kumapiri ozizira, mvula imagwa nyengo ziwiri, ndipo amathyola chaka chonse. Kuno tiyi wochuluka amaphuka m'dzinja mokha, kuyambira December kufikira April. M'chilimwe mitengo imangogona.

Kale tiyi ankagulitsidwa pa msika wa ku London, koma msikawo unatsekedwa mu 1998. Tsopano ogula amapikisana mitengo ku Limbe ndi ku Mombasa. Wogulayo sakondera dziko ai. Amathira madzi owira m'makapu ondandalika, nalawa mmodzimmodzi, nayang'ana maonekedwe ake. Tiyi wa kuno amamfuna chifukwa cha kufiira kwake, ndipo ku Britain ndi ku South Africa amamsakaniza ndi wa maiko ena. Nchifukwa chake dzina la Malawi silioneka kawirikawiri pa paketi, ndipo phindu lalikulu limatsala kwa wosakanizayo. Akaona kuti kukoma kwachepa, sadandaula kwa munthu: amangotembenukira kapu yoyandikana nayo.

Mlimi sangasinthe mvula, komanso sangasinthe msika. Chimene chili m'manja mwake ndi kathyoledwe. Tiyi wabwino amachokera ku masamba awiri anthete ndi kansonga kake. Alipo ena amene amathyola masamba okhwima ndi timitengo tomwe kuti dengu lilemere pa sikelo. Amapindula tsiku limenelo, koma tiyi wa fakitale yonse amatsika mtengo, ndipo anansi awo osamala amalangidwa nawo pamodzi. Enanso amatsendera masamba m'thumba nawasiya padzuwa podikira galimoto. Masamba otero amatentha ndi kuyamba kufiira asanafike ku fakitale, ndipo palibe makina amene angawabwezere kukoma kwake.